Nankhoma ndi Mphako ya Manyazi

Panangokhala. Mwati tili tonse? Ndiye khalani bwino, chifukwa iyi si nthano yomvera uku mukutafuna.

Kalekale nyama zinali ndi sukulu yawo yaukachenjede pansi pa mkuyu waukulu. Kumeneko n'kumene kunkakhala akatswiri, aliyense ndi mbali yake: wina wa mizu, wina wa madzi, wina wa mitembo. Ankayenda mitu ili m'mwamba, ndipo wina akamayankhula mnzake sankamvetsera ayi, ankangodikira kuti nthawi yake yoyankhula ikwane.

Pa mkuyu womwewo pankagwira ntchito gologolo wamkazi, dzina lake Nankhoma. Iyeyu ndiye anali wosunga makungwa. Katswiri akamaliza kafukufuku wake, Nankhoma ankalemba zonse pa khungwa ndi zikhadabo zake: anayesa chiyani, anayesera pa yani, ndipo chinachitika n'chiyani. Wofuna kudziwa zimene akale anapeza ankabwera kwa iye, ndipo iye ankatha kuloza nthambi imene pali khungwa lililonse ngakhale atatsinzina. Koma ulemu, ayi ndithu. Ankangomutcha wonyamula makungwa, ndipo pa mphasa ya akatswiri malo ake anali kumphepete, kumene mphasayo inayamba kale kutha.

Tsono sukuluyo inali ndi mwambo wake. Kafukufuku akayenda bwino, khungwa lake linkapachikidwa pa nthambi zam'mwamba, mayina a eni ake ali poyera, ng'oma n'kulira. Akalephereka, khungwa linkatenthedwa, ndipo aliyense wotchula kulephera kwa katswiri ankapirikitsidwa pa mkuyu osabwereranso. Ati kusunga ulemu wa sukulu. Ine ndimati anali manyazi chabe, ndipo paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Koma agologolo si opusa. Kuyambira makedzana osunga makungwa ankatentha khungwa lopanda kanthu kuti akuluakulu aone utsi, lenilenilo n'kulibisa m'mphako ya kutsinde kwa mkuyu. Pakati pawo ankaitcha mphako ya manyazi. Nankhoma anaidziwa kwa amene anamusiyira ntchito, ndipo makungwa a m'menemo anali ochuluka kuposa a m'mwamba.

Anamusiyiranso kanyimbo koimba posanja makungwa. Kanali kowerenga masiku basi, kopanda dzina la wina aliyense, choncho lamulo silinkakagwira. Kankayamba mofulumira ngati nyimbo ya pamtondo, pofika tsiku lachitatu kankavinitsa, kenako kankatsika tsiku ndi tsiku, ndipo pa tsiku lachisanu ndi chinayi kankangoduka ngati woimbayo wagwidwa pakamwa. Nankhoma ankakaimba zaka zonsezo osadziwa kuti kamawerenga masiku a chiyani.

Chaka china kunagwa nthenda yotupa khosi. Mwa odwala atatu, awiri ankapita, mmodzi n'kutsala. Maliro anali a tsiku ndi tsiku mpaka olira anasasa mawu. Mfumu Chipembere, yosaona patali komanso yosachedwa kupsa mtima, inaitanitsa akatswiri.

"Mutu umodzi susenza denga," inatero mfumu. "Inu a Nungu mumadziwa mizu, mutsogolere. Inu a Muimba mumadziwa mitembo. Inu a Katumbu mumadziwa madzi. Khalani pamodzi mundipezere mankhwala."

"Nanga uyu?" anafunsa Katumbu akuloza Nankhoma ndi ndevu.

"Ameneyo azikunyamulirani makungwa."

Nankhoma anangowomba m'manja, koma mtima wake unali kunyumba. Mwa odwalawo munali mwamuna wake, Kadewere. Kadewereyu anali waulesi pang'ono, wanthabwala, wokonda mtedza wa eni, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko: ukamuuza kanthu m'mawa, masana ukakamva kudambo. Koma Nankhoma ankamukonda, ndipo ankamukonda kwambiri. Tsopano anali chigonere, khosi litatupa, mawu akutuluka movutikira. Madzi okha ankamezabe, ndipo Nankhoma ankadziuza kuti mwa atatu aja, wotsalayo akhala wake.

Gulu litakhala pansi, iye anayesa kupempha. "A Nungu, bwanji ndikuyang'anireni kaye zimene akale anapeza pa nthenda ngati imeneyi?"

"Zakale n'zakale, mayi," anayankha Nungu. "Ife tikufuna zatsopano. Tikafuna wolemba mayina tidzakuitanani."

Paja safunsa anadya phula. Nungu anapita kudambo, nakumba muzu wofiira, nauphika, namwetsa mbewa zodwala makumi awiri. Tsiku loyamba zinagona. Lachiwiri zinapempha chakudya. Lachitatu zinadzuka n'kuyamba kuvina, makosi ataphwa, ndipo dziko lonse linathamangira kudzaona.

"Kumbani mizu yambiri!" inalamula mfumu. "Phikani mitsuko yodzaza. Tsiku lachisanu ndi chiwiri wodwala aliyense amwe."

Nankhoma ataona madzi ofiira mumphika muja ndi mbewa zovinazo, kanyimbo kaja kanangomufika pakamwa kokha. Anazembera anzake n'kulowa m'mphako. Anafufuza, anafufuza, mpaka pansi penipeni anapeza khungwa lakuda ndi ukalamba, lokhala ndi chizindikiro cha bambo ake a Nungu. Muzu wake womwewo. Iwo anamwetsa mbira makumi atatu. Tsiku lachitatu mbira zinavina. Tsiku lachisanu ndi chinayi magazi anatuluka m'mphuno, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo zonse zinali zitauma. Sipanatsale ndi imodzi yomwe.

Anakhala pansi n'kuwerenga ndi zala. Mankhwala agawidwa tsiku lachisanu ndi chiwiri, koma mbewa zidzafa lachisanu ndi chinayi. Nthenda inkasiyako mmodzi mwa atatu, muzu sunkasiya aliyense, ndipo pamzere wa omwa padzakhala Kadewere. Akanena poyera amupirikitsa, mphako aitentha, ndipo mankhwala agawidwabe, chifukwa ndani angamvere wonyamula makungwa pamene mbewa zikuvina? Anachita mantha kwambiri. Koma mantha a gologolo sachedwa kusanduka nzeru.

Tsiku lachinayi anatsitsa makungwa awiri otamanda bambo ake a Nungu, lakuda lija n'kuliika pansi pake, napita nawo kumene Nungu ankasonkhezera moto.

"Odi, a Nungu. Ndati ndikubweretsereni za malemu bambo anu, kuti anthu adziwe kuti nzeru zanuzi n'zakumtundu."

Minga ya Nungu inaima ndi kunyada. Anawerenga loyamba akugwedeza mutu. Anawerenga lachiwiri akumwetulira. Atafika pa lachitatu kumwetulira kunatha.

"Ili lachokera kuti?"

"Kaya, mwina lagwa ndi mphepo. Ine maso anga afooka, sindinaliwerenge n'komwe."

"Bambo anga anali atakalamba," anatero Nungu pang'onopang'ono. "Dzanja linkanjenjemera, anachulutsa muzu. Ine ndayeza bwino. Mbewa zanga simukuziona?"

"Ndikuziona. Bwanji tingodikira masiku awiri okha?"

"Masiku awiri anthu akufa? Mfumu ndikaiuze chiyani, kuti ndikudikira chifukwa bambo anga anapha mbira?" Anatenga khungwalo n'kulilowetsa pansi pa mphika, moto n'kulilandira. "Ndipo mphepo imeneyo mukaiuze kuti ikawombanso, iuluka ndi inu."

Nankhoma anachoka akuimba kanyimbo kake chapansipansi. Pa tsiku lachitatu mawu anakwera monga mwa nthawi zonse, pa lachisanu ndi chinayi anaduka, ndipo amene anamumva anati gologolo wakondwera ndi mankhwala.

Tsiku lachisanu anakumbukira kanthu kena. Zaka zapitazo Muimba anamulembetsa khungwa la dzenje lina lakale lodzaza mafupa a mbira ofiira m'kati. Katumbu naye anamulembetsa la dziwe lopanda nsomba, limene muzu wofiira umamera m'mbali mwake. Makungwa onsewo anali m'mwamba, poyera, lina nthambi iyi, lina nthambi iyo. Wowerenga onse awiri anali Nankhoma yekha, chifukwa wa mitembo sawerenga za madzi, ndipo wa madzi amati za mitembo zimanunkha.

Anapita kwa Muimba. "Pepani a Muimba, ine si wamiseche, koma a Katumbu akuti za mafupa ofiira zija munangolota."

"Kulota? Ine?"

Anathamangira kwa Katumbu. "Musanene kuti mwamva kwa ine, koma a Muimba akuti dziwe lopanda nsomba lija, nsombazo munadya nokha."

"Akanene pamaso pa mfumu!"

Posakhalitsa awiriwo anali pabwalo, wina nthenga zili nyankhalala, wina ndevu zikunjenjemera, mfumu ndi Nungu ali pomwepo.

"Mafupa ndinawaswa ndi mlomo wangawu!" anakuwa Muimba. "Mbira makumi atatu dzenje limodzi, m'kati mwa fupa lililonse muli psuu ngati madzi a mumphika wa a Nunguwo!"

"Dziwe ndinalisambira ndekha!" anakuwa Katumbu. "Pamene pali muzu wofiira palibe nsomba, palibe chule, ngakhale mbululu imodzi!"

Nankhoma anasendera pang'ono kuchoka kumphepete kwa mphasa. "Zikomo akuluakulu. Ine n'kusadziwa kwanga, koma kodi ziwirizi sizikunena chinthu chimodzi?"

Onse anamutembenukira.

"Za madzi ine sizindikhudza," anatero Muimba.

"Mitembo si mbali yanga," anatero Katumbu.

"Wonyamula makungwa wayamba liti kufunsa mafunso?" anatero Nungu.

Mfumu inayasamula. "Mizu ija yapsa?"

Basi nkhani inathera pomwepo. Aliyense anabwerera kwake ali wokhutira kuti wayankhula, ndipo Nankhoma anatsala akupinda mphasa, akuimba kanyimbo kaja mpaka pamene kamadukira.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anakhala kunyumba. Kadewere anali atayamba kumeza phala lamadzimadzi, ndipo nthabwala zinali zitayamba kubwerera.

"Anzanga," anatero ndi mawu osasa, "ndamva kuti mawa tikamwa za a Nungu. Ndikachira ndidzavina kuposa mbewa. Mundisungire mtedza."

Mawu anafika pamlomo pa Nankhoma. Anafuna kumuuza zonse, za mbira, za khungwa, za mphako. Koma anayang'ana pakamwa paja popanda chitseko, naganiza kuti akangomuuza, wobwera kudzamuzonda woyamba atuluka nayo nkhani, ndipo pofika madzulo mphako ikhala phulusa.

"Mawa musapite kumzere," anatero. "Mudikire ine. Zanu ndikonza ndine."

"Kukwatira wa kusukulu n'kwabwino," anatero Kadewere, n'kugona.

Nankhoma anamuikira madzi ndi phala pafupi ndi mphasa, napempha mnansi kuti azimusuzumira.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri linakwana. Mitsuko inandandalikidwa pabwalo, odwala ali pamzere, ena oberekedwa, ena okwawa. Nungu anali atanyamula kale chikho pamene Nankhoma anagwada pamaso pa mfumu ndi khungwa latsopano, losalembedwa.

"Mfumu, mwambo umati mankhwala sagawidwa khungwa lake lisanalembedwe."

"Ndiye lemba msanga."

"Ndalemba kale m'mutu, mfumu. Ndangotsala ndi kafunso kakang'ono. Dzina loyamba likhale la yani?"

Chikho chinabwerera mumtsuko.

"Funso lanji limenelo?" anatero Nungu. "Anakumba muzu ndani?"

"Kukumba ngakhale nguluwe imakumba," anatero Muimba. "Ndikanapanda kung'amba makosi a akufa, mukanadziwa kuti mukuchiza chiyani?"

"Nanga muzuwo munauphika m'malovu anu?" anatero Katumbu. "Madzi anasankha ndani?"

Apo ndiye panayaka moto. Anthu amene sankamvetserana pa za moyo, pa za mayina ankamva ngakhale kunong'ona. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Atatopa, Muimba anati chabwino, a Nungu akhale oyamba.

"Zikomo," anatero Nankhoma akunola chikhadabo. "Nanga wachiwiri? Paja dzina lapakati palibe amalikumbukira."

Unayambiranso. M'mawa mwake, tsiku lachisanu ndi chitatu, anagwirizana kuti Katumbu akhale wotsiriza, iye n'kuvomera monyinyirika.

"Mwachita mwayi, a Katumbu," anatero Nankhoma. "Pa makungwa akale, dzina lotsiriza limakhala la mkulu weniweni, amene enawo ankangomugwirira ntchito."

"Ndiye wotsiriza ndikhala ine!" anakuwa Nungu.

"Mwasankha kale poyamba!" anayankha Katumbu.

Nayo mfumu, imene inkafuna kuwabalalitsa ndi nyanga, inaima kaye. "Tadikirani. Anakusonkhanitsani ndani? Langa lili pati?"

Musaganize kuti Nankhoma ankakondwa. Pamzere paja ena anafa akudikira, abale awo akulira ndi kutemberera, ndipo iye ankawaona. Ankadziwa kuti wawachedwetsa ndi iye, ndipo kudziwa kuti muzuwo ukanawaphabe sikunachepetse ululu mumtima mwake. Kunyumba sanapite masiku awiri onsewo, kuopa kuti akangochoka akuluakuluwo agwirizana.

Panali kanthu kamodzi kamene sanakalabadire. Tsiku loyamba la mkangano, chakumasana, Nungu anati akukasonkhezera moto, nachoka kanthawi. Pobwera anadutsa pafupi ndi Nankhoma n'kumunong'oneza.

"Mayi, ine ndine wokumbukira anzanga. Zamphepo zija ndaiwala. Nanunso polemba mundikumbukire."

Nankhoma anangoti ndi mawu a munthu wofuna dzina, nawasiya pomwepo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi m'mawa, mkangano uli m'kati, mbewa imodzi inabwera pabwalo ikudzandira, magazi ali chuchuchu m'mphuno, n'kugwa pamapazi a mfumu. Inatsatira ina, kenako ina. Dzuwa lisanafike paliwombo, makumi awiri onse anali ndandanda pansi. Odwala a pamzere anayamba kukwawa chobwerera, kutalikira mitsuko.

"Khungwa lija," inatero mfumu, "tinati dzina loyamba ndi la yani?"

"Ine ndinangokumba," anatero Nungu. "Madzi anasankha ndi a Katumbu."

"Ine ndinangotunga," anatero Katumbu. "Nthenda anaitchula ndi a Muimba."

"Ine odwala amoyo sindiwakhudza n'komwe," anatero Muimba.

Mfumu inagubuduza mitsuko yonse ndi nyanga, madzi ofiira n'kumwerera m'dothi. Nankhoma sanadikire zambiri. Analiyatsa liwiro la kunyumba, mtima uli mbee, akuti lero ndimuuza zonse, akafalitse mmene angafunire.

Anamupeza panja. Kadewere anali ataima pakhomo, khosi litaphwa, makoko a mtedza ali mbwee, akuvina yekha.

"Anzanga, taonani! Ndinati ndidzavina kuposa mbewa!"

Nankhoma anaima chiimire. "Mwamwa chiyani?"

"Zimene munatumiza zija. Dzana masana anabwera a Nungu eni ake, chikho chili m'manja. Akuti mwamuna wa mnzathu wa pantchito asavutike ndi mzere. Ndinati koma mkazi wanga amadziwa kukonza zinthu!" Anazungulira kamodzi, mchira uli m'mwamba. "Nanga mbewa zija zikuvinabe?"

Nankhoma anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Chinatuluka ndi kanyimbo kaja, kokha, mawu akunjenjemera. Kadewere anali atakamva zaka zonse za banja lawo, ndipo anayamba kuthira mang'ombe akuponda pansi. Pa tsiku lachitatu anadumpha. Pa lachinayi anayang'ana nkhope ya mkazi wake. Anapitiriza kuwerenga naye, tsiku ndi tsiku, mapazi akulemera, mpaka pamene kanyimbo kamadukira. Kenako anakhala pansi pakati pa makoko a mtedza.

"Ndiye ndatsala ndi masiku asanu ndi limodzi."

"Inde."

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Osandiuza bwanji?"

Nankhoma analira, ndipo analira mosabisa. "Ndinaopa pakamwa panu."

Kadewere anaseka pang'ono. "Apo simunaname, pakamwa ndili napo. Koma taganizani, anzanga. Mukanandiuza m'mawa, pofika masana dambo lonse likanadziwa, ndipo palibe akanayandikira chikho chimenecho. Pakamwa pangapa kamodzi kokha pakanagwira ntchito."

Nankhoma anapusitsa akatswiri atatu ndi mfumu yomwe, anapulumutsa mzere wonse, koma iyenso anali atachita zimene sukulu inamuphunzitsa: kudziwa chinthu n'kuchibisa.

Masiku otsalawo sanasiyane. Kadewere anadya mtedza wonse wa m'nyumba ndi wa anansi womwe, ndipo palibe anamuletsa. Tsiku lililonse ankauza mkazi wake mmene thupi likumvera, kuti lero miyendo yazizira, lero m'kamwa mukuwawa, lero maso akuchita chidima, n'kumuuza kuti alembe. Madzulo a tsiku lake lachisanu ndi chitatu anamugwira dzanja.

"Mundilembe bwino. Koma musandiike m'mphako, ine malo obisika sindiwatha."

M'mawa mwake magazi anatuluka, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo anali atapita.

Atamuika m'manda, mfumu inatumiza mawu akuti khungwa la muzu wofiira litenthedwe monga mwa mwambo, ndipo nkhaniyo isatchulidwenso. Nankhoma analemba khungwalo mosasiya kanthu: mbira makumi atatu za bambo ake a Nungu, mbewa makumi awiri za mwana wawo, mafupa a Muimba, dziwe la Katumbu, ndi masiku onse a mwamuna wake. Pamalo pa dzina loyamba, pamene akuluakulu anakanganirana masiku awiri, analembapo Kadewere. Anakwera nalo pa nthambi yapamwamba kwambiri n'kulipachika. Kenako anatsikira m'mphako, natulutsa makungwa onse a manyazi limodzilimodzi, nawapachika pakati pa otamandidwa aja, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Ankagwira ntchitoyo akuimba kanyimbo kake mokweza, ndipo ulendo uno pamene kamadukira sanaime, anapitiriza ndi kutchula mayina a akufa ndi a amene anawamwetsa.

Bwalo linakhala tsiku lomwelo, ndipo kwa nthawi yoyamba akatswiri atatu aja anagwirizana osakangana.

"Waphwanya mwambo," anatero Nungu.

"Wanyoza sukulu," anatero Muimba.

"Achoke," anatero Katumbu.

"Nanga amene anapha mwamuna wanga?" anafunsa Nankhoma.

"Zimenezo sizitchulidwa pano," inatero mfumu. "Nyamuka."

Nungu anakhalabe mkulu wa mizu, chifukwa kuti amuchotse anayenera kutchula chimene analakwa, ndipo mwambo sunkalola. Makungwa a manyazi anati awatenthe, koma anali atasakanikirana ndi abwino, ndipo wodziwa kuwasiyanitsa anali atamupirikitsa. Ndiye anafunafuna wosunga makungwa wina, wofatsa, wosafunsa mafunso, wokonda makungwa ndi mtima wonse. Anapeza Chiswe.

Chiswe anagwira ntchito mwakachetechete, ndipo palibe anamudandaulapo. Mvula isanagwe kawiri, pa mkuyu panalibe khungwa ndi limodzi lomwe, la manyazi kapena la ulemu. Nthenda inadzatha yokha itatenga amene inawatenga. Muzu wofiira ukadali kudambo, ndipo ndamva kuti mdzukulu wa Nungu ndi mwana wanzeru kwambiri, wokonda kukumba.

N'chifukwa chake mpaka lero mukamadutsa pansi pa mtengo, gologolo amakukalipirani ali pa nthambi, mchira ukugwedezeka, osapuma. Si chipongwe ayi. Analumbira kuti sadzasunganso mawu, ndiye amauza aliyense wodutsa zonse zimene akudziwa. Inu mumangoti kagologolo kaphokoso, n'kukagenda mwala.

Nthano yanga yagwera pamenepa. Amene waitola apite nayo, akauze ndi apakamwa omwe.